Ulendo wa ku Namuli: Gologolo Wopanda Kothawira

Abale anga akumudzi, ambiri mwa inu mumandidziwa ndi mawu okha, ndikamakupatsani moni pa wailesi m'mamawa musananyamule makasu. Lero ndabwera ndi cholembera, chifukwa zimene ndinakaona ku phiri la Namuli sizingakwane m'kanthawi kochepa kaja ka pakati pa nyimbo ndi mauthenga a maliro.

Nkhani inayamba ndi lamya. Mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi sekondale ku Ulónguè, iye n'kupitiriza sukulu mpaka ku Maputo, anandiimbira nati: "Achimwene, mwezi wa Ogasiti ndikukwera Namuli kukatchera mbewa. Tiyeni mukaone." Ndinaseka mpaka misozi. Munthu kutha zaka zonsezo akuwerenga mabuku, mapeto ake n'kukatchera mbewa, ntchito imene ife tinaidziwa tisanagule n'komwe mano! Koma iye sanaseke. Anangoti ndikonze chiphaso choyendera ndi bulangete lochindikala.

Kuchoka kuno kupita ku Gurúè, m'chigawo cha Zambézia, njira yachidule ndi yodzera m'dziko la abale athu a ku Malawi. Tinatulukira pa chipata cha Calómuè n'kulowa Dedza, kenaka basi inatitsitsa ndi msewu uja woyenda m'malire, kudzera pa Lizulu mpaka Ntcheu. M'mbali mwa msewu anyamata anali atakweza mapani a mbewa m'mwamba, kuitanira apaulendo. Ine ndinangoona ndiwo. Mnzangayu anakanirira pa windo, akuyesa kuzindikira mtundu uliwonse basi ikuthamanga. Tinagona ku Limbe, m'mawa mwake tinadutsa m'tsinde mwa phiri la Mulanje, n'kuwoloka pa Muloza kulowanso dziko lathu pa Milange. Kuchokera apo linali fumbi, mabampu ndi galimoto yodzaza matumba mpaka dzuwa kupendeka.

Gurúè ndi tauni yozizira ngati kwathu kuno, yozunguliridwa ndi minda ya tiyi imene inayamba nthawi ya atsamunda. Kumbuyo kwa mindayo kwaima mapiri, ndipo pakati pawo pali mwala waukulu wosongoka umene nthawi zambiri umabisala m'mitambo. Ameneyo ndiye Namuli, wotalika mamita 2,419. M'dziko lonse la Mozambique amangoposedwa ndi phiri la Binga la ku Manica, la mamita 2,436. Phiri lathu la Dómuè, limene timalitama chotere, limangopitirira pang'ono mamita 2,000.

Namuli sakwera ngati chulu. Alomwe amati makolo awo onse anachokera pa phiri limeneli, ndipo ngakhale Alomwe a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo amaloza komweko mukawafunsa kwawo kwenikweni. Choncho mlendo amayamba wagwada kwa mfumukazi yosunga phirilo, napereka ufa ndi timphatso tina kuti mizimu iuzidwe za ulendo wake. Ife Angoni ndi Achewa zotere sitidabwa nazo. Tinakhala pansi, tinaomba m'manja, mwambo unachitika, ndipo tinapatsidwa anyamata awiri otitsogolera.

Tsiku lokwera ndinadziwa kuti ntchito yokhala pampando ndi kuyankhula inandifooketsa miyendo. Koma chimene chinandiimitsa panjira si phuma ayi. Titafika pamwamba ndithu, pamene ndinkayembekezera mdima wa nkhalango, ndinangoona munda wa mbatatesi. Mizere yake yokongola, masamba obiriwira, nthaka yakuda bii, ndipo pakati pa mizere pali zitsa zopserera ndi mitengo ikuluikulu itagona, ina yoti anthu atatu sangaikumbatire. Ine ndine mwana wa mlimi wa mbatatesi. Sukulu ndinaphunzira ndi ndalama za mbatatesi. Ndinaima pamenepo mtima uli pawiri.

Mwini munda anali pomwepo, bambo wachikulire wodziwa Chipwitikizi pang'ono. Nditawalonjera ndinawafunsa kuti: "Bambo, bwanji mwakwera kutali chonchi, kusiya minda kumunsi?" Anandiyang'ana ngati ndafunsa za mwana. Anati kumunsi nthaka inatopa ndipo mbatatesi siikonda kutentha, pamene pano, ukagwetsa mitengo n'kutentha, imabereka popanda feteleza. Pakapita zaka zochepa nthaka ikafooka, umasuntha n'kugwetsa pena. Ndalama yake ndiyo imagula malata, mchere ndi makope a ana. Kenaka anandifunsa kuti: "Nanga kwanuko mumalima bwanji?" Ndinalibe choyankha, pakuti ndinakumbukira mapiri athu a ku Angónia ndi Tsangano amene agogo amati kale anali ndi mitengo mpaka pansonga.

Tinamanga misasa m'mphepete mwa nkhalango yotsala. M'katimo ndi dziko lina: ndere zalendewera m'nthambi, pansi m'ponyowa ngakhale m'chilimwe, ndipo timitsinje tikutuluka pansi pa miyala. Madzi amenewa ndiwo amayambitsa mitsinje ya Licungo ndi Malema, imene anthu ambirimbiri amamwa kumunsi.

Madzulo mnzanga anatulutsa misampha yake. Si diwa ngati lathu lophwanya mutu. Ndi timabokosi ta chitsulo chopepuka totchedwa Sherman. Mbewa ikalowa kutsata nyambo ya chiponde, kachitseko kamadzitseka, iyo n'kukhala yamoyo mpaka m'mawa. Anaitchera pa mzere, kuyambira m'nkhalango, kudutsa m'malire, mpaka m'munda wa mbatatesi. Kutacha ankatenga kanyama kalikonse, kukayeza kulemera, kuyeza mchira, khutu ndi phazi, kukajambula, kenaka n'kulemba malo enieni amene kagwidwira pogwiritsa ntchito kachipangizo ka GPS. Tambiri ankatimasula. Anyamata otitsogolera aja ankangogwira pakamwa poona ndiwo zikubwerera kutchire.

Usiku wachiwiri, tikuwotha moto, ndinamufunsa mosabisa kuti zonsezi n'zachiyani. Anatsegula kompyuta yake n'kundionetsa mapu a dziko lathu okhala ndi timadontho. Kadontho kalikonse ndi malo amene munthu wina, chaka china, anagwira kanyama ka mtundu wakutiwakuti n'kulemba. Kenaka anandifunsa kuti: "Achimwene, paubwana paja mende tinkamupeza kuti?" Ndinati kudambo, mu udzu wautali pafupi ndi madzi. "Nanga mutapita mudzi wachilendo, n'kuona dambo lotero, mungati bwanji?" Ndinati ndinganene kuti muno muli mende, ndisanamuone n'komwe. Iye anaomba m'manja nati ntchito yake yonse ndi imeneyo.

Ndikufotokozereni monga ndinamvera. Akatswiri ali ndi mapu osonyeza kuchuluka kwa mvula pamalo paliponse, mapu a kutentha ndi kuzizira, mapu a kukwera kwa malo, ndiponso zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga zosonyeza pamene pali nkhalango, udzu kapena minda. Amasanjikiza mapu onsewa ngati mphasa, n'kuikapo timadontho tija. Kompyuta imayang'ana kuti pamene pali timadontho pamagwa mvula yotani, pamazizira bwanji, m'pokwera motani, ndipo pamera chiyani. Ikatero imasakasaka dziko lonse kufuna malo ena ofanana ndi amenewo, n'kuwapaka utoto. Pulogalamu imene ambiri amagwiritsa ntchito imatchedwa MaxEnt, ndipo inatchuka kuyambira mu 2006. Mwachidule, ndi nzeru ya mnyamata wokumba mbewa, kungoti yaikidwa m'manambala ndipo imaona dziko lonse nthawi imodzi.

Chifukwa chovutikira chonchi n'chakuti tinyama ting'onoting'ono sitiwerengeka. Njovu ndi njati amaziwerenga ali m'ndege. Nanga swiswiri angamuwerenge ndani? Choncho pofuna kudziwa ngati mtundu wina uli pangozi yotheratu, amayeza kukula kwa dera limene umakhala. Bungwe la IUCN, limene lakhala likusunga kaundula wa zamoyo zimene zili pangozi kuyambira mu 1964, linaika malire ake. Amazunguliza chingwe timadontho tonse ta mtunduwo n'kuyeza dera la m'katimo. Likachepera masikweya kilomita 20,000, mtunduwo ukhoza kulembedwa kuti uli pachiopsezo. Likachepera 5,000, uli pangozi. Likachepera 100, uli pakamwa pa imfa. Amayezanso malo enieni okhalamo pogawa mapu m'timabokosi ta makilomita 2 mbali zonse, ndipo malire ake ndi 2,000, 500 ndi 10. Koma kuchepa kwa dera pakokha sikukwana. Pafunikanso umboni wina, monga wakuti malowo ndi oduladula kapena owerengeka, ndiponso kuti akunka nachepa.

Kuti ndimvetse bwino, mnzangayu anandionetsa mapu awiri. Oyamba anali a kapuku, mbewa yathu ija ya m'minda. Utoto unadzaza pafupifupi Africa yense wa kumwera kwa chipululu cha Sahara. Kapuku amaswa ana ambiri nthawi imodzi, ndipo munthu akalima munda ndiye kuti wam'konzera phwando. Ameneyu sali pangozi, ndipo palibe akunena kuti tileke kumudya.

Mapu achiwiri anali a gologolo wa pa Namuli. Ndinachita kuyandikitsa maso kuti ndione utoto wake, kadontho ngati ka nthata pa tsaya la dziko. Gologolo ameneyu akatswiri amamutcha Paraxerus vincenti, potengera dzina la Jack Vincent, Mngelezi wofufuza mbalame amene anakwera phirili mu 1932. Mu 1950 katswiri wina wa ku London, R. W. Hayman, ndiye analemba kuti ndi mtundu wapaderadera. Mabuku amamutchula pa phiri limodzi lokhali pa dziko lonse lapansi, ndipo mu kaundula uja analembedwa kuti ali pangozi.

Ndinafunsa kuti nanga nkhalango ikatha sangasamukire kwina? Mnzanga analoza kumunsi, kumene moto wolusa unkaoneka ngati mikanda yofiira mumdima. Mapiri awa ali ngati zilumba. Pakati pa Namuli ndi phiri lina lozizira pali chigwa chotentha, minda ndi midzi, ulendo umene kanyama ka m'nthambi sikangauthe. Kumunsi kukukwera nkhwangwa ndi moto. Dziko likamatentha, nyengo yozizira imene nkhalangoyi imafuna imathawira kumtunda, koma kumtunda kwa Namuli kuli mwala wokhawokha. Kalulu akapsa tchire amathawira tchire lina. Gologolo uyu alibe kothawira.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinamuona. Tinayamba kumva kulalata m'mwamba, ngati mayi wokalipira ana akuba nsinjiro. Mmodzi wa anyamata aja anandigwira phewa n'kuloza. Pa nthambi yokutidwa ndi ndere panali kanyama kakuda pamsana, kofiira pamimba ngati dothi la katondo, kakugwedeza mchira. Kanatiyang'ana kamphindi, kenaka zii. Kunena zoona, ndikanakaona paubwana ndikanatola legeni. Koma tsiku limenelo ndinadziwa kuti ndaona chinthu chimene sichipezeka ku Maputo, ku Lisboa kapena kwina kulikonse, ndipo mtunda wochoka pa mtengo umenewo kufika pa zitsa zopserera zija unali waufupi kuposa wochoka kwathu kupita kuchigayo.

Musaganize kuti kompyuta ndi mlauli wosanama. Mnzanga yemweyo ndiye anayamba kundichenjeza. Utoto wa pa mapu umasonyeza pamene kanyama kangathe kukhala, osati pamene kali. Makina akhoza kupaka utoto phiri lina chifukwa nalonso n'lozizira ndi lamvula, chonsecho gologoloyo sanapondeko chilengedwere. Akhozanso kupaka nkhalango imene inagwetsedwa chaka chatha. Katswiri waulesi akakhulupirira utoto wonsewo, adzalemba kuti dera n'lalikulu ndipo kanyama kali bwino, pamene kakutha. N'chifukwa chake iye amasenza misampha kukwera phiri, kuti aone ngati zimene makina alosera n'zoona. Mapu sakumba mbewa.

Vuto lalikulu koposa ndi kuchepa kwa timadontho. Tambiri tinachokera ku zikopa ndi zigaza zosungidwa m'nyumba za zinthu zakale ku London, Lisboa, Pretoria, Bulawayo ndi Maputo, ndipo anthu amene anazitola ankayenda motsata misewu, mamishoni ndi minda ya azungu. Kenaka kunabwera nkhondo yomenyera ufulu kuyambira 1964 mpaka 1974, n'kutsatira ina ija ya pachiweniweni imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Zaka zimene makolo athu anali m'misasa ya othawa nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu, panalibe woyenda m'tchire ndi kope kulemba mbewa. Mu 2018 akatswiri atasonkhanitsa zolembedwa zonse anapeza kuti dziko lathu lili ndi mitundu yoposa 200 ya nyama zoyamwitsa za pamtunda, ndipo yambiri mwa iyo ndi mbewa, mileme ndi tinyama tina tating'ono. Mitundu ina mu kaundula wa IUCN imangolembedwa kuti palibe umboni wokwanira woweruzira.

Nkhani ya phiri la Mabu, kumwera kwa Namuli m'chigawo chomwecho cha Zambézia, ikutiphunzitsa kanthu. Mu 2005 katswiri wina, Julian Bayliss, anaona chibanga chobiriwira pa zithunzi za Google Earth. Mu 2008 gulu la akatswiri linapitako n'kupeza nkhalango yaikulu imene mabuku awo sankaidziwa, ndipo mu 2012 mleme wina wa kumeneko unalembedwa ngati mtundu watsopano. Manyuzi a kunja anati nkhalango yatulukiridwa. Koma anthu a m'midzi yozungulira ankasakamo nyama kuyambira kale, ndipo ena anabisalamo nthawi ya nkhondo. Chimene chinali chatsopano kwa ophunzira chinali chakale kwa eni dera. Mu 2024 Bayliss ndi anzake analemba kuti mapiri amenewa, kuphatikizapo Mulanje, Namuli ndi Mabu, ndi banja limodzi la zamoyo zosapezeka kwina, ndipo kuyambira mu 2000 ataya magawo 18 pa 100 alionse a nkhalango zawo zachilengedwe.

Tisanatseke kompyuta ndinamupempha kuti andionetse kwathu. Anasuntha mapu mpaka malire a Dedza anaoneka, Ulónguè apa, Dómuè apo, Tsangano kumunsi. Timadontho tinali towerengeka pa zala. Ndinamva manyazi osakanikirana ndi mkwiyo. Dera limene mwana aliyense amasiyanitsa kapuku, mende, phanya, dugu, sakhwi, mfuko ndi bwampini, pa mapu a ophunzira likuoneka ngati mulibe kanthu.

Wina afunsa kuti: kodi mbewa n'kuchitira nkhani pamene ana akusowa mankhwala? Funso ndi labwino, ndipo ndiyankha ndi zinthu zitatu. Choyamba, mu 1994 boma la Mutarara m'chigawo chathu chino cha Tete linagwidwa ndi mliri wa matenda ofalitsidwa ndi utitiri wa makoswe. Kudziwa kumene mtundu uliwonse wa mbewa umakhala kumathandiza azaumoyo kudziwa kumene ayenera kukhala tcheru, ndiponso alangizi kudziwa kumene mbewu zingaonongeke. Chachiwiri, bwampini amene timamuthamangitsa ndi agalu ndi yemwe bungwe la APOPO linamuphunzitsa ku Morogoro, m'dziko la Tanzania, kununkhiza mabomba okwirira pansi. Anagwira nawo ntchito imeneyi m'dziko muno kufikira mu Seputembala 2015, pamene boma linalengeza kuti minda yonse ya mabomba yodziwika yachotsedwa. Ndani mwa agogo athu akanalota zimenezo? Chachitatu, nkhalango imene ikusunga gologolo ndi yomweyo ikusunga kasupe. Gologolo akasowa, dziwani kuti chitsime chili m'njira.

Pobwerera tinadutsanso pa munda uja. Bambo aja anatininkha mbatatesi zodzaza chipewa, ndipo tinazilandira ndi manja awiri. Sindingawaweruze. Munthu wopanda feteleza, wopanda msika wa mbewu ina, simungamuuze kuti asiye nkhwangwa chifukwa cha kadontho ka pa kompyuta. Pali mabungwe amene akugwira ntchito ndi midzi ya kumeneko kuti anthu agwirizane malire a nkhalango ndi kupeza njira zina zopezera ndalama, ndipo zimenezi zidzatheka pokhapokha mimba zikakhuta. Koma mapu aja ali ndi ntchito imodzi yaikulu: amaonetsa boma, mafumu ndi alimi malo enieni amene sayenera kukhudzidwa, kuti pokambirana pasakhale kulozerana m'malere.

Ndinalowa pa Calómuè dzuwa likulowa, ndipo kuyambira pa chipata mpaka ku Ulónguè utsi unali tolotolo mbali zonse. Ndi nyengo yake, ana akutentha tchire kuti mauna aonekere. Moto umene wayatsidwa chifukwa cha mapani awiri umanyeketsa udzu wofolera nyumba, mitengo yanthete, ndi tinyama tonse tosadyedwa n'komwe. Kukumba mbewa ndi mwambo wathu ndipo ndiwo zake n'zokoma. Ine ndemwe sindidzasiya. Koma makolo ankakumba m'minda mwawo akatha kukolola, ndipo moto wa kutchire unali ndi mwini wake ndi nthawi yake. Anyakwawa ndi mafumu athu, nkhani iyi ndaitula kwa inu.

Tsono ndili ndi pempho kwa inu agogo, amalume, azakhali ndi anyamata okumba mbewa. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, choncho musachite manyazi ndi zimene mukudziwa. Khalani pansi ndi mwana wodziwa kulemba. Tchulani maina a mbewa ndi tinyama tina tonse ta kwanuko. Nenani kumene kalikonse kamapezeka, kaya kudambo, kuphiri, m'munda kapena m'nkhalango ya kumanda, mwezi umene kamachuluka, ndipo makamaka tchulani timene munkationa kale koma lero simutionanso. Lembani dzina la mudzi ndi la mfumu yanu, n'kutumiza kalatayo ku wailesi kapena ku tsamba lino. Ndidzaziwerenga pa pulogalamu, ndipo ndidzazipereka kwa mnzanga uja. Iye wandiuza kuti mawu okha sasanduka kadontho pa mapu mpaka katswiri atafika n'kuona ndi maso, koma mawu anuwo ndiwo adzamuuze phiri loyamba kukwera ndi dambo loyamba kutcherako.

Mwina pa Dómuè, kapena m'kankhalango ka kumanda kwanu, mukukhala kanyama kamene dzina lake likudziwika ndi agogo awiri okha. Tiyeni tikalembe agogowo akali moyo, tchire lisanapse.

Tsalani bwino, tikumana pa wailesi mawa m'mamawa.